Ulendo woyamba pa mall ku Mzuzu: zoyenera kudziwa musanagwire trolley

Munthu amene anazolowera kugula mumsika waukulu wa Mzuzu, ku Zigwagwa kapena ku Taifa, amadziwa kuti mtengo umatuluka pakamwa pa wogulitsa, ndipo ukanenerera bwino umatsika, mwinanso nkulandira banyira pamwamba. Pa mall zimenezo kulibe. Mtengo uli pa kapepala komata pashelefu ndi mu kompyuta ya pa till, basi. Mtsikana wa pa till sangakuchotsereni ngakhale K50, chifukwa si iye amaika mitengo. Ndiye luso limene mumagwiritsa ntchito pakamwa mukakhala kumsika, pano liyenera kusamukira m'maso: kuwerenga kapepala, kuwerenga deti, kuwerenga risiti. Anthu ambiri amene amatuluka akudandaula kuti "kuja nkodula" kapena "andibera", ukawafunsa bwino umapeza kuti chimodzi mwa zitatuzi sanachiwerenge.

Kuchokera pamene Shoprite inatsegula pa Mzuzu Mall mu 2013, anthu a kumpoto anasiya kudikira ulendo wa ku Lilongwe kuti akaone shopu ya mtundu umenewu. Komabe tsiku lililonse pamakhala wina amene akulowa koyamba: mayi wochokera ku Ekwendeni, mnyamata amene wangoyamba kumene sukulu pa Mzuni, bambo amene watsika basi ya ku Chitipa. Ndipo nyumba ya mashopu yatsopano ikangotsegulidwa, tonse timasanduka alendo. Zimene ndikulemba pano zimagwira ntchito pa shopu yaikulu iliyonse yodzitengera wekha katundu.

Choyamba ndi tsiku. Musasankhe tsiku lotsegulira, ngakhale masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi, ngakhale Loweruka masana. Nthawi zimenezo mizere ya pa till imafika mpaka pakati pa mashelefu, ogwira ntchito sapeza mpata woyankha mafunso, ndipo pa ATM pamakhala chinamtindi cha anthu. Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, patangopita ola limodzi atatsegula, ndiye nthawi yabwino: mashelefu amakhala atadzazidwa, buledi ndi wotentha, ndipo mukhoza kuima pamalo amodzi mphindi zisanu popanda wokugundani ndi trolley. Ngati kunja kuli mvula ya mawawa ija ya kuno, pukutani nsapato pakhomo. Matailosi onyowa amaterera koopsa, makamaka kwa ovala masilipasi ndi achikulire.

Pakhomo pali mlonda, ndipo chapafupi pamakhala kauntala yosungira zikwama. Chikwama chachikulu, jumbo ya katundu amene mwagula kwina, ambulera, zonsezi mumasiya pamenepo ndipo amakupatsani kanambala. Kanambalako kasungeni ngati ndalama, chifukwa kakatayika mudzachedwa kufotokoza zimene zili m'chikwamamo asanakupatseni. Foni, ndalama, makhadi ndi ziphaso musasiye m'chikwama chosungitsa. Ngati mwalowa ndi botolo la madzi kapena chakumwa chimene shopuyo imagulitsanso, muonetseni mlonda polowa. Akudziwa chochita, ena amamata kachizindikiro. Mukapanda kutero, potuluka mudzavutika kutsimikiza kuti munabwera nacho. Moni wa Chichewa amayankha bwinobwino, koma "monire" ndi "yewo" amatsegula mitima msanga kuno.

Ngati mukugula zinthu zosapitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, tengani basiketi. Trolley ndi yaikulu dala, ndipo zinthu zitatu zikagona pansi pake zimaoneka ngati simunagule kanthu, mtima nkumati onjezera. Ikankheni pang'ono musanalowe nayo mkati. Ngati tayala limodzi likukokera kumbali, isinthanitseni pomwepo, chifukwa ikadzaza mudzalimbana nayo ngati ngolo. Mudzaonanso kuti buledi, mkaka ndi nyama, zimene anthu ambiri amadzera, zimakhala kumapeto kwenikweni kwa shopu. Anazikonza choncho kuti podutsa muone mabisiketi, mafuta odzola ndi mapoto. Katundu amene ali kutsogolo kwa mzere wa mashelefu kapena wounjikidwa pakati pa njira si kuti nthawi zonse ndi wotsika mtengo. Amangokhala pamalo oonekera. Chimodzimodzi mashelefu a pa msinkhu wa maso. Weramani muone shelefu ya pansi, kawirikawiri mapaketi aakulu ndi mitundu yotsikirapo mtengo imakhala kumeneko.

Tsopano kapepala ka mtengo, pamene pagona nkhani yonse. Imani pa shelefu ya mafuta ophikira muone bwino. Pa mkombero wa shelefu pali timapepala tondondozana, kalikonse kali ndi dzina la katundu, kukula kwake, mtengo, ndi timizere takuda tokhala ndi manambala pansi pake, amene amati barcode. Vuto ndi lakuti mabotolo amasuntha. Wina amanyamula la malita awiri, nkusintha maganizo, nkuliika pamwamba pa kapepala ka lita imodzi. Inu mukafika mukuona botolo lalikulu, pansi pake mtengo waung'ono, mtima nkudumpha. Musanaliike mu trolley, werengani zinthu zitatu: dzina, kukula, ndi manambala anayi omalizira a barcode ya pa botolo, muwafananize ndi a pa kapepala. Barcode ya katundu wambiri imakhala ndi manambala 13, koma anayi omalizirawo ndi okwanira kukuuzani ngati kapepalako ndi ka botolo limenelo.

Dziwaninso kuti barcode ya pa botolo ilibe mtengo mkati mwake. Ili ngati dzina chabe. Makina a pa till akaiwerenga amakafunsa kompyuta kuti dzina limeneli lero likugula zingati. Mtengo ukasintha mu kompyuta usiku, koma wogwira ntchito nkuchedwa kusintha kapepala ka pashelefu, ndi pamene mumapeza mitengo iwiri pa chinthu chimodzi. Nthawi imene mitengo ikusinthasintha, monga zinakhalira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zoterezi zimachuluka. Njira yake ndi yosavuta: chinthu chilichonse chodula, jambulani kapepala kake pa foni musanachoke pashelefupo. Mashopu ena amaika kamakina pakhoma koti muonetse barcode nkuona mtengo. Ngati kalipo, kagwiritseni ntchito.

Paketi yaikulu si nthawi zonse imene imapulumutsa ndalama, ndipo apa calculator ya pa foni ndi bwenzi. Tiyerekeze kuti botolo la mamililita 750 likugula K6,000 ndipo la malita 2 likugula K17,000. Gawani 6,000 ndi 0.75, mupeza K8,000 pa lita. Gawani 17,000 ndi 2, mupeza K8,500 pa lita. Pamenepa laling'ono ndiye lotsika mtengo, ngakhale diso likunena zina. Chitani chimodzimodzi ndi sopo wa ufa, shuga, mpunga ndi matewera a ana. Pa matewera gawani mtengo ndi chiwerengero cha matewera m'paketimo. Timapepala ta pulomoshoni tofiira kapena tachikasu tiwerengeni mpaka pansi, pamene pali zilembo zing'onozing'ono. Pamenepo ndi pamene amalemba tsiku lothera pulomoshoni, kapena kuti mtengowo ndi wa munthu wogula ziwiri, kapena kuti munthu mmodzi asapitirire mapaketi angapo.

Ku gawo la zipatso ndi ndiwo zamasamba, mtengo umene mukuona kawirikawiri ndi wa kilogalamu, osati wa chipatso chimodzi kapena mulu. Mumasankha nokha, nkuika mu kajumbo, mtundu uliwonse kajumbo kake, kenako nkupita nazo pa sikelo kuti wogwira ntchito ayeze ndi kumata kapepala ka mtengo. Mukafika pa till ndi maapozi osayezetsa, adzakubwezani, ndipo mzere wonse udzakhala ukukudikirani. Poyeza, onani kuti sikelo ikuyambira pa ziro, ndipo werengani dzina limene latuluka pa kapepalako, chifukwa mitundu iwiri ya maapozi imatha kusiyana mtengo kwambiri ndipo batani lolakwika limadinidwa mosavuta. Kapepala ka pa sikelo nkosiyana ndi barcode ya pa botolo ija: aka kamanyamula mtengo wa kajumbo kameneko, ndiye musaonjezeremo kanthu atamata kale. Ku butchala ndi chimodzimodzi. Mukhoza kunena kuti "Achimwene, mundiyezere theka la kilo," kapena kutchula ndalama zimene muli nazo, iwo nkuyeza zofanana nazo.

Kunena zoona, tomato, anyezi, mpiru, kabichi, mbatatesi, nthochi, usipa ndi mpunga wa Kilombero woyeza pa mbale, ine sindiona chifukwa chozigulira pa mall pamene msika uli pafupi pomwepo, zili zatsopano ndipo ndalama yake ikupita kwa mlimi ndi mayi wa geni. Pa mall pamapindulitsa pa katundu wa m'mapaketi amene umafuna kutsimikiza kuti ndi weniweni ndipo muyezo wake ndi wokwana: mafuta, sopo, shuga, mkaka wa ana, khofi wa Mzuzu Coffee wopatsa mlendo, tiyi, ndi zinthu zofuna filiji. Pa katundu wopangidwa m'dziko muno, yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Za madeti. Pa paketi pamatha kukhala madeti awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Lolembedwa MFD kapena PROD ndi tsiku limene chinthucho chinapangidwa. Lolembedwa BB kapena Best Before likutanthauza kuti likadutsa tsikulo kukoma ndi ubwino wake zimayamba kutsika. Lolembedwa EXP kapena Use By ndiye la malire: likadutsa, musadye, makamaka mkaka, yogati, soseji ndi nyama. Ogwira ntchito amaika katundu wakale kutsogolo, watsopano kumbuyo, kuti wakale ayambe kutha. Palibe cholakwa kulowetsa dzanja nkutenga wa kumbuyo ngati mukufuna kukasunga masiku angapo. Katundu wotsitsidwa mtengo kwambiri nthawi zambiri amakhala woti deti lake layandikira. Ngati mukadya lero kapena mawa, gulani, mwapindula. Koma kugula mayogati khumi otsala ndi masiku awiri ndi kutaya ndalama. Chitini chotupa pamwamba kapena pansi, chochita dzimbiri, kapena chophwanyika pa msoko, chisiyeni ngakhale deti lili bwino, chifukwa mpweya ukalowa kapena tizilombo tikayamba kuswana mkati, deti silithandizanso.

Zozizira zonse muzitenge pomalizira, mukatsala pang'ono kupita pa till. Filiji ya mkaka imayenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo, ndipo ya zouma gwa imayenera kukhala pa madigiri 18 pansi pa ziro. Mafiliji ambiri ali ndi kagalasi koonetsa nambalayi pakona. Nyamulani paketi ya nkhuku muione pafupi. Yabwino imakhala yolimba ngati mwala paliponse, khungu loyera bwino, pulasitiki yomatirira. Mukaona madzi ofiirira ataundana pansi pa paketi, kapena zidutswa zonse zitagwirana kukhala chibuma chimodzi chokutidwa ndi ayisi wambiri, ndiye kuti inasungunukapo nkuumanso. Zimenezi zimachitika magetsi akazima jenereta nkuchedwa kudzuka, kapena katundu akakhalitsa panja potsitsa mu lole. Dinani ndi chala pa chifuwa cha nkhukuyo: pakabonyoka, ibwezeni. Mu filiji yotseguka pamwamba, tengani za pansi, chifukwa zimene zaunjikidwa kupitirira mzere wa malire sizizizira mokwanira.

Ganiziraninso ulendo wobwerera. Wa ku Katoto, Chibavi kapena Mchengautuwa afika msanga. Koma wopita ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kutsikira kunyanja kotentha, atayamba wadikira minibasi kuti idzaze pa depoti, nyama yake ikhoza kukhala kunja kwa filiji maola atatu. Nyama ndi mkaka zisapitirire maola awiri zili pofunda. Ngati mulibe cooler box, ikani zozizira zonse pamodzi mu jumbo imodzi, muzikulunge ndi nyuzipepala kenako chitenje, ndipo zisakhale pafupi ndi injini. Ngati kwanu kulibe filiji, mkaka wogula ndi wa m'bokosi wolembedwa UHT, umene umakhala miyezi osatsegula. Koma mukangoutsegula umaonongeka ngati mkaka wina uliwonse.

Pa zipangizo zamagetsi ndi pamene anthu amalira kwambiri akafika kunyumba. Kuno timagwiritsa ntchito magetsi a mavoti 230 ndi soketi ya mabowo atatu a makona. Katundu wambiri wochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, aakulu, amene salowa m'soketi zathu. Tsegulani bokosi muone pulagi musanalipire. Ngati ndi yobulungira, gulani adaputa yolimba yolembedwa 13A, kapena kapezeni wodziwa zamagetsi aikepo pulagi yathu yokhala ndi fyuzi. Tiadaputa totchipa timasungunuka tikalumikizidwa ku ketulo kapena ayironi, chifukwa zipangizo zotenthetsa zimakoka magetsi ambiri. Chizolowezi chodula pulagi nkulowetsa mawaya m'soketi ndi kamtengo chimayatsa nyumba, ndiponso chimathetsa waranti pomwepo. Werenganinso mawati. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi, ndiye ketulo ya mawati 2,000 imadya yuniti imodzi pa theka la ola. Popeza lita imodzi ndi theka imawira pa mphindi zisanu, yuniti imodzi ikupatsani maulendo pafupifupi 6. Hita ya mawati omwewo yoyaka maola anayi usiku wa mu June kapena July yadya mayuniti 8. Pemphani kuti akuyesereni chipangizocho m'shopu momwemo, ndipo funsani kuti waranti ndi ya miyezi ingati komanso ngati pakufunika chidindo. Bokosi musataye msanga.

Ngati mwabwera ndi ana, gwirizanani polowa malo okumanirana wina akasochera, monga pa kauntala ya zikwama ija. Mwana wamng'ono akhale pa kampando ka trolley, osati kuimirira mkati, chifukwa imagubuduzika. Chilichonse chimene mwana watsegula kapena kuluma ndiye kuti mwagula. Tengani chikutiro chake mukachionetse pa till.

Pa till, ikani katundu pa kauntala motere: zolemera poyamba, zozizira pamodzi, sopo ndi mankhwala ophera tizilombo pazokha kuti asalongedzedwe ndi buledi kapena ufa, mazira pomalizira. Kenako maso anu akhale pa sikirini, osati pa foni. Kulira kulikonse kwa makina ndi chinthu chimodzi chalowa. Makina akalira kawiri pa chinthu chimodzi, kapena mtengo ukasiyana ndi umene munaona, nenani nthawi yomweyo mwaulemu: "Pepani achemwali, shugayo walowa kawiri," kapena "Pashelefu palembedwa mtengo wina, ndajambula, nawu." Kuchotsa chinthu musanalipire nkosavuta, amangoitana supavaiza kuti adzatsegule ndi khadi kapena nambala yake. Mukalipira kale, nkhani imasanduka ya kubweza ndalama, ya mafomu ndi kusaina. Ndalama zikaperewera musachite manyazi, zimachitikira aliyense. Sankhani zoti zichotsedwe. Chothandiza ndi kumaonkhetsa pa foni pamene mukutola, ndipo K4,999 muziiwerenga K5,000, popeza makobidi a K1 sakuonekanso m'manja mwa anthu.

Mukhoza kulipira ndi ndalama, khadi ya banki, ndipo m'mashopu ambiri Airtel Money kapena TNM Mpamba. Funsani polowa kuti musadzadzidzimuke. Pa khadi, onani nambala imene yalembedwa pa kamakina musanaike PIN, chifukwa ziro mmodzi woonjezera amasandutsa K15,000 kukhala K150,000. Phimbani ndi dzanja poika PIN, ndipo musaitchule mokweza ngakhale wokuthandizani ndi m'bale wanu. Vuto lofala ndi la netiweki: kamakina kamatulutsa kapepala konena kuti zakanika, koma foni yanu nkulandira uthenga woti ndalama zachoka. Chimachitika nchakuti banki yanu yavomera, koma yankho latayika panjira lisanafike pa till. Musathamangire kuikanso khadi kachiwiri. Tengani kapepala kokanikako, sungani uthengawo, dziwitsani supavaiza, ndipo ngati mungathe lipirani mwa njira ina. Ndalama zotere zimabwerera, nthawi zina zokha, nthawi zina mpaka mutakadandaula ku banki ndi kapepalako, ndipo zimatha kutenga masiku. Nchifukwa chake ndi bwino kukhala ndi ndalama zapadera m'thumba, zosachepera za thiransipoti. Pa foni, werengani dzina la shopu limene latuluka musanatsimikize.

Majumbo ambiri masiku ano ndi ogula. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Bwerani ndi chikwama chanu chansalu kapena cha ukonde. Chimapirira kuposa jumbo pa kabaza.

Risiti musaikane ndipo musaikwinye. Mlonda wa pakhomo adzaifuna kuti afananize ndi katundu, ndipo si kuti akukuganizirani, amatero ndi aliyense. Musanatuluke, imani pambali mphindi imodzi muwerenge mzere ndi mzere: chiwerengero cha zinthu, mitengo ya pulomoshoni, ndalama zimene mwapereka ndi chenji. Pansi pake mudzaona VAT, msonkho umene umapita ku MRA. Unawerengedwa kale mu mtengo wa pashelefu, si ndalama yoonjezera. Mukapeza cholakwika pitani ku kauntala yothandiza makasitomala nthawi yomweyo, katundu ali m'manja. Ngati chinthu chakaonongeka kunyumba chisanagwire ntchito, bwererani nacho ndi risiti ndi bokosi lake. Zikakanika kumvana, bungwe la boma loona za malonda achilungamo la CFTC limalandira madandaulo a ogula, kuphatikizapo a mitengo yosocheretsa ndi katundu wotha deti, koma nalonso lidzafuna umboni. Pepala la risiti limalembedwa ndi kutentha, osati inki, ndiye likakhala padzuwa, m'thumba la thukuta kapena pafupi ndi mbaula, zilembo zimafufutika pa masabata ochepa. Ya ketulo, foni kapena ayironi, ijambuleni tsiku lomwelo.

Potuluka musaiwale chikwama chija munasungitsa. Trolley imathera pa malo oimika magalimoto. Ngati mwabwera pa galimoto, mukakhoma ndi rimoti gwirani chitseko mutsimikize kuti chakhomekadi, ndipo katundu akhale ku buti, osati pa mpando. Ngati mukukwera sakramento (kabaza wa njinga yakapalasa) kapena njinga yamoto, gwirizanani mtengo wa inu ndi katundu yemwe musanakwere. Botolo la mafuta liime chilili pakati pa katundu wina, chitsekerero mutachikhwimitsa. Thumba la ufa kapena shuga likhale pansi pa keriyala litakutidwa ndi pulasitiki ngati kukuwaza, lamba wa mphira adutse pa zolimba zokha. Mazira ndi buledi zikhale m'manja mwanu.